Funso Likatsogola: Intaneti ndi Kuphunzira Chingerezi Mofufuza

M'chaka cha 2002, njala itangoseseratu nkhokwe za ku Kasungu, mnyamata wa zaka 14 wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale chifukwa pakhomo panalibe ndalama ya fizi. M'malo mongokhala, William Kamkwamba anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya m'deralo. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha zimakina zitalizitali zozungulira ndi mphepo. Bukulo linali la Chingerezi, ndipo Chingerezi cha William pa nthawiyo chinali chotsimphina. Mwiniwake anadzafotokoza mmene ankawerengera: ankayang'ana chojambula, n'kuona nambala kapena liwu lolembedwa pambali pake, kenako n'kulisakasaka m'ndime za bukulo mpaka ataligwira. Akaligwira ankawerenga ziganizo zoyandikana nalo, n'kubwereranso ku chojambula chija, uku ndi uku, mpaka tanthauzo litatuluka. Zomwe zinatsatira zinamveka dziko lonse: nsanja ya mitengo ya bulugamu, felemu ya njinga, dayinamo, mapaipi apulasitiki owongoledwa pamoto, ndi babu loyaka m'nyumba ya kumudzi.

Mu 2007 anaitanidwa ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo kumeneko ndi komwe anaona intaneti koyamba. Atamutsegulira Google analembamo dzina lachingerezi la makina ake aja, masamba osawerengeka n'kungoti mbwee pagalasi. Zomwe anazikumba ndi zikhadabo kwa miyezi yambiri zinali pomwepo, zongotola.

Anthu akamakamba nkhaniyi amakonda kupukusa mutu n'kumati mwanayu akanakhala ndi intaneti kuyambira pachiyambi akanafika patali msanga. Mwina ndi zoona. Koma mphunzitsi wa Chingerezi ali ndi chinthu china choti atolepo. William anali ndi funso lomwe linkamusowetsa tulo: ndingapange bwanji magetsi pakhomo pano? Chingerezi chinali chitaima pakati pa iye ndi yankho, ndipo analimbana nacho chifukwa panalibe njira yochilambalala. Palibe anamupatsa mndandanda wa mawu oti aloweze. Liwu lililonse lomwe anaphunzira linali ndi ntchito tsiku lomwelo.

Tsopano taganizirani kalasi ya m'tauni momwe ophunzira ambiri ali ndi mafoni. Mphunzitsi akuti, "Kafufuzeni pa intaneti za kusintha kwa nyengo, mubweretse Lolemba." Lolemba likakwana, makope onse ali ndi ndime imodzimodzi ya pa Wikipedia, ena akopera ndi timanambala ta m'makona tomwe. Mukamufunsa mwana tanthauzo la liwu lachitatu m'chiganizo chake choyamba, amangoyang'ana kudenga. Chingerezi chachoka pagalasi n'kulowa m'kope osadutsira m'mutu. Awa ndi manotsi a pabolodi akale aja, kungoti tsopano akudya ndalama ya bandulo. Mphunzitsi amati ana a masiku ano ndi aulesi. Ine sindiwaona ulesi. Anafunsidwa funso lomwe yankho lake lili poyera, ndipo analitola. Ndani angapite kukalima nsima ili kale m'mbale?

Zomwe zinayambira ku San Diego

Vutoli linaonekera intaneti itangofika m'masukulu. Mu 1995, Google isanabadwe n'komwe, Bernie Dodge wa pa yunivesite ya San Diego State ku America ankaphunzitsa anthu okonzekera uphunzitsi. Ankafuna kuti adziwe za pulogalamu ina ya pakompyuta yotchedwa Archaeotype, yophunzitsira ana kufukula zinthu zakale, koma iye analibe pulogalamuyo yoti awaonetse. M'malo moima kutsogolo n'kuifotokoza, anawagawa m'magulu. Ena anawerenga malipoti a pa intaneti, ena anacheza ndi anthu akutali omwe ankaidziwa bwino, kenako onse anakumana kuti agwirizane chimodzi: kodi pulogalamuyi ingathandize pa sukulu yomwe tikuidziwa ife? Dodge anaona kuti ophunzira ake akambirana mozama kuposa masiku onse, iye atangoyankhula mawu owerengeka. Njirayi anaipatsa dzina loti WebQuest, ndipo anaikonza bwino mothandizana ndi mnzake Tom March.

Maonekedwe ake ndi osavuta. Pamakhala mawu oyamba okopa chidwi, kenako ntchito yeniyeni yomwe ophunzira ayenera kutulutsa pamapeto. Pamakhala ndondomeko ya masitepe, masamba a pa intaneti omwe mphunzitsi wasankhiratu, muyeso woperekera malikisi womwe ophunzira amauona asanayambe, ndi mawu otsekera. Yaifupi imatenga mapiriyodi osaposa 3, yaitali imatha sabata kapena mwezi wathunthu.

Ambiri amene amatengera njirayi amagwira mitu imeneyi n'kutaya mtima wake. Mtima wake uli pa zinthu ziwiri. Choyamba, mwana asataye nthawi kusakasaka. Masamba apatsidwe kale, kuti mphamvu zake zithere pogwiritsa ntchito zomwe wawerenga. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ntchito yomwe wapatsidwa ikhale yoti sangaipeze yolembedwa kale pena paliponse. Aweruze mlandu, asankhe pakati pa njira ziwiri, akope anthu okana, akonze pulani, agwirizanitse mbali zotsutsana. Pepala la mafunso 10 omwe mayankho ake ali m'ndime yachiwiri ya tsamba lomwe wapatsidwa, ngakhale mutalikongoletsa ndi zithunzi, ndi kusaka chabe. Mwana amapeza liwu lofanana ndi la m'funso, n'kukopera chiganizo chonse, ndipo akhoza kukhoza zonse osamva kanthu.

Chifukwa chiyani funso limaphunzitsa chiyankhulo

Dodge sanali mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo WebQuest sinapangidwire maphunziro a ziyankhulo. Koma aphunzitsi a Chingerezi anailandira msanga chifukwa inagwera pa nthaka yolimidwa kale, ndipo amene anailima sanali ndi kompyuta ngakhale imodzi.

Kuyambira 1979 mpaka 1984, kum'mwera kwa India, N. S. Prabhu anatsogolera kafukufuku yemwe amadziwika ndi dzina la mzinda wa Bangalore. Makalasi anali a choko ndi bolodi, ana ake a m'masukulu wamba. Prabhu anasiya kuphunzitsa malamulo a galamala mmodzimmodzi. Ankapatsa ana ndandanda ya nthawi za sitima zapamtunda n'kuwafunsa, m'Chingerezi, kuti munthu wofuna kukafika mzinda wakutiwakuti m'mawa anyamuke ndi sitima iti, asinthire pati. Ankawapatsa mapu kuti apeze njira yachidule. Maganizo a mwana amakhala pa sitima, koma kuti sitimayo aipeze ayenera kumvetsa Chingerezi cha funso ndi kupanga Chingerezi cha yankho. M'buku lake la mu 1987 Prabhu anasiyanitsa ntchito zongopatsirana uthenga, ntchito zofuna kulingalira, ndi ntchito zopereka maganizo, ndipo iye anakonda kwambiri zapakatizo, zomwe mwana amatenga zomwe wapatsidwa n'kutulutsamo chinthu chomwe sichinalembedwe.

Pa nthawi yomweyo Stephen Krashen ankaphunzitsa kuti munthu amatola chiyankhulo akamamva ndi kuwerenga zinthu zomwe akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono pomwe wafika. Merrill Swain wa ku Canada anawonjezerapo mfundo ina mu 1985. Iye anaona ana olankhula Chingerezi omwe ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri: kumva ankamva bwino kwambiri, koma poyankhula ndi polemba galamala yawo inkatsalirabe. Swain anati kumva kokha sikukwanira. Munthu amazindikira chomwe chikumusowa pamene akufuna kunena chinthu n'kupeza kuti mawu sakubwera. Aliyense amene anayesapo kudandaula m'Chingerezi mu ofesi akudziwa kamphindi kameneko, pomwe mfundo ili m'mutu koma lilime lakana. Ntchito yofufuza yokonzedwa bwino imamufikitsa mwana pa kamphindi kameneko kambirimbiri, ali pakati pa anzake, pomwe kulakwitsa sikumuluzitsa kanthu.

Tiyese ndi nyanja ya Chilwa

Tinene kuti mphunzitsi wa Fomu 3 ku Zomba akufuna kukonza ntchito yotere. Nyanja ya Chilwa ili pafupi, pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphweranso kwambiri mu 2018. Akafunsa kuti nyanjayi inauma zaka ziti, foni iyankha mwana asanakhale pansi. Ndiye asinthe funso. Auze kalasi kuti tiyerekeze khonsolo ili ndi ndalama zokwanira ntchito imodzi yokha: kubzala mitengo m'mphepete mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi, kuthandiza asodzi kuyamba mabizinesi ena, kapena kukonza ngalande za m'masikimu a mpunga kuti madzi asamatayike. Gulu lililonse lilembe kalata ya Chingerezi kwa bwanamkubwa wa boma, ya mawu osaposa 300, yosankha ntchito imodzi ndi kufotokoza chifukwa chake zinazo zidikire.

M'gulu la ana anayi, wina akhale msodzi wa matemba wa pa doko la Kachulu, wina mlimi wa mpunga, wina mayi wogulitsa nsomba mumsika, wina katswiri wa zanyengo. Aliyense apatsidwe masamba ake awiri kapena atatu, osiyana ndi a mnzake. Apa pali kanzeru: popeza msodzi sanawerenge zomwe mlimi wawerenga, ayenera kufotokozerana, ndipo palibe amene angabisale kumbuyo kwa mnzake wodziwa Chingerezi. Mutu umodzi susenza denga, komanso m'magulu a m'kalasi tonse tikudziwa kuti nthawi zambiri denga limasenzedwa ndi mutu umodzi, ena atatu akucheza. Kugawa masamba kumathetsa zimenezo kuposa kukalipa.

Onani tsopano Chingerezi chomwe ntchitoyi ikuitana. Mwana sangasankhe popanda because. Sangavomereze kuti mnzake ali ndi mfundo koma yake ndiyo yoposa popanda although kapena however. Sanganene zomwe zingachitike mitengo itabzalidwa popanda if ndi would. Kalata yopita kwa bwanamkubwa ili ndi kalembedwe kake kaulemu, kosiyana ndi uthenga wa pa WhatsApp. Zonsezi zili kale m'silabasi, ndipo mphunzitsi akanaziphunzitsabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akuziphunzitsa pa tsiku lomwe mwana akuzifuna, mkangano wa msodzi ndi mlimi utafika pouma. Mphindi 10 za galamala pa nthawi imeneyo zimalowa kuposa piriyodi yathunthu ya ziganizo za John ndi Mary omwe palibe akuwadziwa.

Ena amafunsa ngati ana aziloledwa kuyankhula Chichewa m'magulumo. Kuletseratu n'kudzinamiza, mphunzitsi akatembenuka amayankhulabe. Ndi bwino kugwirizana nawo poyera: pomvetsetsa ndime yovuta thandizanani m'chiyankhulo chilichonse, koma manotsi a gulu, kalata, ndi kufotokoza pamaso pa kalasi zikhale m'Chingerezi. Amene amaopa kuti zoterezi zikudya nthawi ya mayeso akumbukire kuti Chingerezi cha pa MSCE, chomwe munthu akalephera satifiketi sapata, chimafuna maluso omwewa: kuwerenga ndime n'kuimvetsa, kufupikitsa nkhani, ndi kulemba zomveka.

Ntchito yaikulu ya mphunzitsi imachitika kalasi isanayambe, ndipo ndi yosankha masamba. Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimafera. Paul Nation wa ku New Zealand, yemwe wathera moyo wake pofufuza za mawu, anapeza kuti munthu amawerenga momasuka popanda thandizo akamadziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse a m'nkhaniyo, kutanthauza liwu lachilendo limodzi pa mawu 50. Anawerengeranso kuti kuwerenga nyuzipepala ndi mabuku a nkhani motero kumafuna mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000. Lipoti la akatswiri lonena za nyanja ya Chilwa linalembedwera akatswiri anzawo. Mwana wa Fomu 3 akalipatsidwa lonse amakumana ndi mawu achilendo asanu mu mzere umodzi, ndipo kukopera kumakhala njira yokhayo yopulumukira. Choncho mphunzitsi amasankha ndime imodzi m'malo mwa lipoti lonse, tebulo la manambala, mapu, kanema waufupi wokhala ndi mawu olembedwa pansi. Pali Simple English Wikipedia, yolembedwa ndi mawu ochepa ndi ziganizo zazifupi. Nzeru yofewetsayi si yatsopano: wayilesi ya Voice of America inayamba kuulutsa nkhani m'Chingerezi chapadera mu 1959, pogwiritsa ntchito mawu pafupifupi 1,500 ndi kuwerenga modekha, ndipo BBC inayamba kuphunzitsa Chingerezi pa wayilesi mu 1943.

Pomwe tsamba lovuta silingapeweke, mphunzitsi amamanga nsanja ngati yomwe amisiri amakwerapo pomanga khoma: kamndandanda ka mawu ofunika, mafunso awiri otsogolera maso, chiyambi cha chiganizo choti mwana amalize. Fanizo la nsanjali analibweretsa m'maphunziro David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross mu 1976, ndipo mbali yake yomwe imaiwalika ndi yakuti khoma likaima nsanja imachotsedwa. Ntchito yachitatu ya chaka isakhale ndi zothandizira zofanana ndi yoyamba.

Bowo la pakhoma

Pali anthu amene amati zonsezi n'zosafunika, ana angopatsidwa kompyuta n'kusiyidwa. Mtsogoleri wa maganizowa ndi Sugata Mitra. Mu 1999 anaboola khoma la ofesi yake ku Kalkaji, mumzinda wa New Delhi, n'kuikamo kompyuta yolumikizidwa ku intaneti, yoyang'ana kudera la anthu osauka. Ana omwe anali asanaigwirepo anaphunzitsana okha kuigwiritsa ntchito, natola ndi mawu ena a Chingerezi. Ku Hyderabad anapatsa ana pulogalamu yosandutsa mawu oyankhula kukhala olembedwa. Popeza inkakana kumva katchulidwe kawo, anawo anasintha katchulidwe mpaka inayamba kuwamva. Mu 2013 Mitra analandira mphoto ya TED ya madola 1 miliyoni.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo nduna za maphunziro zimaikonda chifukwa kompyuta sifuna malipiro a mwezi ndi mwezi. Koma ofufuza ena omwe anakayendera malo oterewa, monga Mark Warschauer ndi Payal Arora, anabwerako ndi nkhani yozizira: kwina ana ankathera nthawi pa masewera ndi kujambula, kwina makompyuta anali atasiya kugwira ntchito. Mu 2006 Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark analemba nkhani yomwe inautsa mkangano waukulu, yonena kuti wophunzira woyamba kumene akasiyidwa kuti adzipezere yekha zonse, mutu wake umadzaza ndi kusakasaka ndipo chotsalira chimakhala chochepa. Ufulu wofufuza umapindulitsa amene ali kale ndi maziko. Ngakhale Mitra mwiniwake anadzaona kuti ana amapita patsogolo pakakhala munthu wamkulu wowalimbikitsa, ndipo anasonkhanitsa anthu odzipereka, ambiri mwa iwo aphunzitsi opuma a ku Britain, kuti azicheza ndi anawo pa Skype. Mphunzitsi anatulutsidwa pakhomo n'kulowanso pawindo.

Chikomekome cha mkuyu

Kusankhiratu masamba kuli ndi malire ake. Tsiku lina mwana adzakhala yekha ndi foni, wopanda womusankhira. Mu 1998 munthu wina wodzitcha Lyle Zapato anapanga tsamba lanthabwala lonena za nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 yomwe ati imakhala m'mitengo ya m'nkhalango za kumpoto chakumadzulo kwa America, ndipo ili pangozi yotha. Tsambalo lili ndi zithunzi, dzina lachilatini, ndi pempho loti anthu aiteteze. Donald Leu wa pa yunivesite ya Connecticut ndi anzake atalionetsa kwa ana a zaka pafupifupi 13, omwe ankaonedwa kuti ndi akatswiri pa intaneti, ambiri analikhulupirira. Mu 2016 gulu la Sam Wineburg ku Stanford linapeza kuti ana oposa 80 pa 100 alionse a msinkhu womwewo sanathe kusiyanitsa nkhani yeniyeni ndi malonda ovekedwa ngati nkhani. Awatu ndi ana oti Chingerezi anayamwira. Nanga mwana amene mphamvu zake zonse zikuthera pomvetsa ziganizo, yotsala yokayikira aitenga kuti? Komanso kwathu kuno chinthu cholembedwa m'Chingerezi chosalala chimabwera ndi ulemu wake, ngati mlendo wovala suti.

Gulu la Wineburg linapezanso mankhwala ake poonerera anthu omwe ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani m'manyuzipepala. Anthuwa akafika pa tsamba lachilendo sakhalitsapo. Amachokapo msanga n'kukafufuza kwina kuti eni tsambalo ndi ndani ndipo ena amati chiyani za iwo. Ophunzira a pa yunivesite, ngakhalenso akatswiri ena a mbiri yakale, ankakhala pa tsamba lomwelo kuliwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kukopeka ndi maonekedwe ake. Luso lochokapoli limaphunzitsika, ndipo ndi phunziro la Chingerezi lokwanira palokha. Pa masamba a ntchito ya Chilwa ija, mphunzitsi akhoza kuikapo dala limodzi lokayikitsa, n'kuuza kalasi kuti pali mkuyu umodzi wa nyerere, aupeze ndipo afotokoze mmene audziwira. Kumeneko mwana amaphunzira kusiyana kwa claims ndi shows, kwa may ndi will, timawu tating'ono tomwe timanyamula bodza ndi choonadi.

Kufufuza Chingerezi chenichenicho

Funso likhozanso kukhala lokhudza chiyankhulocho. Mchewa amamva phokoso, amamva njala, amamva fungo, amamva kukoma kwa ndiwo, amamvanso zomwe mphunzitsi wafotokoza. Mneni mmodzi akusenza katundu yense. Mngerezi amagawa katunduyu kwa aneni asanu: hear, feel, smell, taste ndi understand. N'chifukwa chake mwana amalemba kuti I hear pain, ndipo sanalakwitse mwaumbuli. Waganiza bwinobwino m'Chichewa. Chimodzimodzi borrow ndi lend, zomwe kwa ife zimachokera pa tsinde limodzi la kubwereka.

Mphunzitsi akhoza kungodula ndi cholembera chofiira. Tim Johns, yemwe ankaphunzitsa Chingerezi ophunzira ochokera kunja pa yunivesite ya Birmingham, ankachita zina. Ankatenga mizere yambirimbiri ya ziganizo zenizeni zokhala ndi liwu limodzi, liwulo litandandalikidwa pakati, n'kupatsa ophunzira kuti apeze okha lamulo lake, ngati apolisi ofufuza mlandu. Pofika 1991 njirayi inali ndi dzina, data-driven learning. Pa nthawiyo nkhokwe za ziganizo zoterezi zinali m'mayunivesite owerengeka. British National Corpus, ya mawu 100 miliyoni, inasonkhanitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Corpus of Contemporary American English, yomwe Mark Davies anatsegula mu 2008, inapitirira mawu 1 biliyoni. Lero tsamba laulere ngati SKELL limatulutsa ziganizo zachitsanzo pa foni, ndipo YouGlish imapeza makanema a pa YouTube pomwe anthu osiyanasiyana akutchula liwu lomwe mwalemba. Patsani gulu mizere 20 ya hear ndi 20 ya feel, afunseni kuti ndi mawu ati omwe amatsatira mneni aliyense, ndipo pakutha pa piriyodi adzakuuzani lamulo m'mawu awoawo. Njirayi imadya nthawi, ndipo siyenera liwu lililonse. Isungireni zolakwa zomwe zakana cholembera chofiira kwa zaka.

Makina olemba okha, ndi sukulu yopanda netiweki

Mu Disembala 2014 Google Translate inayamba kumasulira Chichewa, ndipo mu Novembala 2022 kunabwera ChatGPT. Tinene zoona: kalata ya kwa bwanamkubwa ija, yomwe Google sakanaipeza, makina atsopanowa akhoza kuilemba m'masekondi ochepa, yosalala kuposa ya mphunzitsi. Mpanda womwe Dodge anamanga mu 1995 wabooka. Kuletsa sikuthandiza kwenikweni, poti likasa la mtundu uwu silisiya chizindikiro chodalirika. Chomwe chikusintha ndi pomwe malikisi akugona. Ochuluka apite pa zomwe zikuchitika maso akuona: manotsi a pamanja a gulu, kalata yoyamba yolembedwa m'kalasi, ndi mphindi zitatu zomwe msodzi waima kutsogolo akuyankha mafunso a mlimi wa gulu lina. Amene kalata yake yalembedwa ndi makina amaonekera pa funso loyamba. Makinawo akhozanso kukhala chinthu chofufuzidwa: apatseni mwambi wa Chichewa kuti amasulire, kalasi iweruze ngati agwira tanthauzo, ndipo ilembe kumasulira kwake. Pamenepo mwana ndiye katswiri, makina ndiwo akuyesedwa.

Owerenga ambiri afika pano akudandaula kuti zonsezi ndi za masukulu a ena. Sukulu yawo ilibe magetsi, netiweki imagwira pa chulu chokha, ndipo kalasi ili ndi ana 80. Dandauloli ndi loona, koma kumbukirani kuti Prabhu anali ndi choko basi. Popeza masamba amasankhidwiratu, safunika kutsegulidwa m'kalasi. Mphunzitsi akhoza kuwatsitsa pa foni yake ali ku boma, n'kuwasindikiza kapena kuwatumiza pa mafoni anayi obwereka, ngakhale kuwamata pakhoma m'ngodya zinayi za kalasi kuti msodzi aliyense apite ku ngodya ya asodzi. Pulogalamu ya Kiwix, yomwe inayamba mu 2007, imasunga Wikipedia yathunthu m'kompyuta kapena m'foni kuti iziwerengedwa popanda intaneti. Kabokosi kotchedwa RACHEL kamasunga mabuku ndi makanema a maphunziro n'kumawagawira ku mafoni ndi matabuleti apafupi, ndipo kamatha kuyendera magetsi a sola. Amene ali ndi netiweki nawonso asadzitame: malinki amafa, ndipo tsamba lomwe linalipo chaka chatha likhoza kusowa m'mawa wa phunziro. Wanzeru amasunga kope.

Pali chinthu chinanso chomwe sukulu ya kumudzi ili nacho chomwe ya ku San Diego ilibe. Ana a ku Kachulu akafufuza za nyanja yawo adzapeza malipoti a akatswiri ndi nkhani za atolankhani odzacheza, koma mawu a anthu a m'mbali mwa nyanjayo adzawapeza ochepa. Agogo omwe anaona nyanja ikuuma mu 1968 alipo, ndipo omwe anaona za 1995 ndi ambiri. Akudziwa komwe anthu anathawira, chomwe ankadya matemba atasowa, mmene ankafikira pa chilumba cha Chisi madzi atachoka, ndi mwezi womwe nsomba zinayamba kubwerera. Sitepe imodzi ya ntchito ija ikhale yakuti mwana aliyense akacheze ndi munthu wamkulu mmodzi, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, n'kubwera ndi ndime imodzi ya Chingerezi yofotokoza zomwe wamva. Adzavutika ndi mawu a nsomba ndi a zida zophera nsomba omwe dikishonale ilibe, ndipo adzayenera kusankha: alisiye liwulo m'Chichewa n'kulifotokoza, kapena asake lofanana nalo. Adzafunika said that ndi told me that, ndi nthawi yakale yomwe m'buku inkaoneka yopanda ntchito. Ndime 80 zoterezi zikaikidwa pamodzi, kalasi ya chaka chamawa idzakhala ndi tsamba linanso loti iwerenge, lolembedwa ndi akulu awo a Fomu 4.